Bezi ikusowa pa foni, koma mu minibasi ikugunda mopitirira

Mnyamata wina amene amamikisa nyimbo kuchipinda kwake wanditumizira imelo. Akuti pa masipika ake zonse zimamveka bwino, koma pa foni bezi imasoweratu, pomwe mu minibasi imagunda mpaka woimba osamveka. Funso lake: agule masipika odula?

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi: bezi yanu yonse yakhala pansi penipeni, cha m'ma 50 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu: nambala ikachepa, mawuwo ndi otsika). Kasipika ka foni sikatha kutulutsa mawu otsika chonchi, kamayamba kugwira bwino cha pamwamba pa 200 Hz. Koma sabuwufa (sipika ya bezi) ya pansi pa mpando wa minibasi ndiye chakudya chake chimenecho.

Mwina n'chipinda chinakunamizani. Makoma a simenti amabweza mawu otsika, ndipo pali malo ena m'chipindamo pomwe mafundewo amafafanizana. Mpando wanu ukakhala pamenepo, bezi imamveka yochepa, inu n'kumangowonjezera. Tayimbani nyimboyo muziyendayenda m'chipindamo, mumva nokha ikukula pakona, ikuchepa pakati.

Mankhwala ake ndi awa: tsitsani pansipo, kenako ikani saturation (kukhakhalitsa mawu mwadala) pang'ono pa bezi. Imabereka mawu ena pamwamba, pa 100, 150, 200 Hz ndi kupitirira, ndipo khutu likamva amenewa limadzazira lokha otsikawo ngakhale sipika sikuwatulutsa. Kick (ng'oma yaikulu yogunda pansi) nayo isiyireni kakugogoda kake kapamwamba.

Ine chomwe ndimakakamira kwambiri ndi mono, kutanthauza kumvetsera mawu a kumanja ndi a kumanzere ataphatikizidwa. Masipika ambiri aang'ono a Bluetooth ndi mawayilesi a m'manja amaphatikiza kumanja ndi kumanzere kukhala chimodzi. Kiyibodi yomwe munaitambasula kwambiri ikhoza kuzimiririka pamenepo. Dinani mono mukadali pakati pa ntchito, osati pomaliza.

Voliyumu nayonso tsitsani, mpaka muzitha kucheza ndi mnzanu osakuwa. Akatswiri ofufuza za mawu Fletcher ndi Munson anaonetsa mu 1933 kuti khutu limamva bezi mochuluka mawu akakwera, n'chifukwa chake chilichonse chimakoma chikamaphulika. Ngati mawu a woimba ndi sineya (ng'oma yaing'ono yolira mokweza) zikumveka bwino motsitsa, mwayandikira.

Za masipika odulazo, kumbukirani sipika ya Yamaha NS-10 ya mu 1978, ija ya zoyera pakati. Siyikoma m'khutu, bezi yake ndi yochepa, koma inadzaza masitudiyo akuluakulu chifukwa siyibisa zolakwika za mawu apakati. Kasipika kanu kotchipa kangagwireko ntchito yofananayo.

Sankhaninso nyimbo ziwiri zomwe mumazidziwa kuti zimamveka bwino paliponse, muzizisinthanitsa ndi yanu pa voliyumu yofanana. Mukatero ikani pa fulashi, mupemphe adalaivala aiyimbe minibasi ikudikira kudzaza, inu mukhale mpando wakumbuyo ndi kapepala kolembapo.