Yambani ndi mwala wa 1000, ina ibwere pambuyo

Achimwene, mwafunsa kuti pa miyala yonolera ndi madzi ya 400, 1000, 6000 ndi 8000 mugule uti woti muzinolera pamanja mpeni wanu wa Morakniv womwe mumapita nawo ku Mulanje. Gulani wa 1000. Nambala ikamakwera, mwalawo umakhala wosalala kwambiri ndipo umadya chitsulo pang'onopang'ono. Wa 1000 umadzutsa mpeni wobuntha mpaka kumeta ubweya wa pamkono. Wa 400 ndi wa mpeni wobenthuka kapena wothyoka nsonga. Wa 8000 musatayirepo ndalama, mpeni wosemera mitengo ndi kuwazira tinkhuni sufuna zimenezo. Ngati thumba likulola, mwala wa kampani ya King wa mbali ziwiri, 1000/6000, ndi wokwanira.

King amamwa madzi. Mbali ya 1000 muiviike mphindi 10 mpaka 15, mpaka thovu litasiya kutuluka. Ya 6000 kungowaza madzi basi. Mwala wa kampani ya Shapton sufuna kuviika ndipo ndi wolimba, koma ndi wodula. Mafuta musathirepo, amatseka timabowo ta mwala. Miyala yotuwa ija ya m'mahadiweya a ku Limbe ndi yabwino pa chikwanje ndi nkhwangwa mukatha kupala ndi tupa, koma pa mpeni uwu imasiya mikwingwirima yakuya.

Chachikulu ndi ichi. Morakniv ili ndi kanoledwe ka Scandi, mbali yotsetsereka ija ndi yotakata, ndiye mumaigoneka yonse pamwala osadzutsa msana wa mpeni. Pakani maka yakuda pambali imeneyo, kankhani kasanu, kenako yang'anani. Inki ikachoka kumtunda kokha, simunafike pakuthwa. Ikachoka pakuthwa pokha, mwadzutsa dzanja.

Poti mbali yonseyo imagona pamwala, mwala wokumbika pakati umaibulungiza, ndipo mpeni umayamba kuterereka pamtengo m'malo moluma. King ndi wofewa, amakumbika msanga. Jambulani mizere yopingasana ndi pensulo pamwala, yalani sandipepa wa m'madzi wa 120 pagalasi lokhuthala, thirani madzi, pekesani mpaka mizere yonse itafufutika. Muzichita izi kawirikawiri, osadikira kuti dzenje lioneke ndi maso. Ponola gwiritsani ntchito mwala wonse, m'makona momwe.

Musatembenuze mpeni musanamve kachitsulo kopindikira mbali inayo, komwe ena amati burr, kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga. Kamveni ndi chala chachikulu pochisisita kuchoka kumsana kutsikira kokuthwa, osati motsatira kuthwako. Mbali zonse zikatheka, pepuzani dzanja, sinthanitsani mbali kangapo, mumalizire pa lamba wachikopa mukukokera chakumsana.

Mwala uziumira pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa la mu Okutobala ukhoza kung'aluka. Ngati mpeni wanu ndi wa carbon steel, upukuteni nthawi yomweyo ndi kuupaka timafuta, chifukwa dzimbiri silichedwa.