Chiphapha cha 1971 chidule kuposa nyumba?

Bambo wina yemwe amagwira ntchito ku Texas, ku America, wandilembera pa imelo kuti: "Achimwene, mnzanga akugulitsa galimoto ya Chevrolet Chevelle ya 1970 ndipo akuti mtengo wa galimoto zotere umangokwera. Ndigule, ndisunge, ndidzagulitse?"

Bambo, musanatulutse khobidi, mvetsani kaye chomwe anthu amagula pa galimoto zimenezi. Zomwe kumeneko amati muscle car zinatchuka ndi Pontiac GTO ya 1964: thupi lapakatikati, koma injini yaikulu ya V8, pamtengo woti mnyamata wogwira ntchito kufakitale n'kukwanitsa. Chevrolet, Dodge, Plymouth ndi Ford anatsatira. Chisangalalocho sichinakhalitse. Inshuwalansi inakwera, malamulo ochepetsa utsi anabwera mu 1970, kenako mafuta anasowa mu 1973, ndipo galimoto zomwa petulo ngati madzi zinasanduka katundu wolemetsa. Zambiri zinachita dzimbiri kuseri kwa nyumba, zina zinaphwanyidwa.

Anyamata amene ankangozisirira nthawi imeneyo anakula, n'kupeza ndalama. Ndiwo akhala akupikisana pa okushoni ya Barrett-Jackson ku Scottsdale ndi ya Mecum. Akugula unyamata wawo, osati thiransipoti. Mu 2014 Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971 yotsegula denga inagulidwa pa madola 3.5 miliyoni ku Seattle, chifukwa zotere zinapangidwa zosakwana 15, ndipo Plymouth yeniyeniyo inatsekedwa mu 2001. Ford Mustang ya 1968 imene Steve McQueen anayendetsa mu filimu ya Bullitt inapitirira madola 3 miliyoni mu 2020, ili ndi zipsera zake zonse. Akanaipenta, bwenzi ataiwononga.

Tsono apa ndi pamene anthu amapsa. Chevelle ziwiri zikhoza kufanana ngati mapasa, ina n'kudula kangapo kuposa inzake. Kusiyana kuli pa manambala. Wogula wodziwa amagwada pansi n'kuyang'ana ngati nambala yodindidwa pa injini ikugwirizana ndi ya chasisi cha galimotoyo, kenako amafuna mapepala akufakitale. Mabaji a SS (Super Sport), chizindikiro cha Chevelle zamphamvu, amagulitsidwa m'mashopu, ndipo aliyense wokhala ndi sipanala akhoza kuwamata pa Chevelle wamba. Ya mnzanuyo ikakhala SS 454 yeniyeni, makamaka ya injini yamphamvu kwambiri ya LS6, ndi chuma. Ikakhala yovekedwa mabaji chabe, ndi galimoto yokongola yokayendera Lamulungu, basi.

Komanso "umangokwera" ndi mawu a wogulitsa. Chuma cha ku America chitagwa mu 2008, mitengo ya galimoto zimenezi inagwa nawo. Ndipo ine chimandidetsa nkhawa n'chakuti ogula enieniwo akukalamba, pamene achinyamata ambiri mtima wawo uli pa Toyota Supra ndi Nissan Skyline.

Ngati mukuikonda, ndipo muli ndi garaja youma ndi ndalama zosafunika kwanu mwezi uno, pezani katswiri woima payekha akaione. Mnzanuyo akazengereza kuonetsa mapepala, muthokozeni n'kubwerera.