Kamera ndi memori khadi zoyambira nazo kujambula maukwati

Achimwene, mwafunsa kuti mugule kamera yanji popeza mukufuna kuyamba kujambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe, ndipo mwanena kuti ndalama zanu zingakwanire Canon EOS 2000D yatsopano, kapena kamera ina yabwinoko koma yogwiritsidwapo kale ntchito. Ambiri amene akuyankhani akukamba za kuchuluka kwa mamegapikiselo (muyeso wa timadontho topanga chithunzi), koma ine ndikukupemphani kuti muyambe mwaganizira za memori khadi, chifukwa ukwati sabwereza. Zithunzi zovekana mphete zikatayika zatayika basi, ndipo eni ukwati sadzamva zoti vuto linali la khadi.

Pa chifukwa chimenechi ndingakonde mutagula Nikon D7200 yogwiritsidwapo kale ntchito. Inatuluka mu 2015 ndipo ili ndi mamegapikiselo 24 monga 2000D yomweyo, koma ili ndi malo awiri olowetsamo makhadi a SD, moti mukhoza kuitchera kuti chithunzi chilichonse chizisungidwa pa makhadi onse awiri nthawi imodzi. Khadi imodzi ikafa pakati pa perekaniperekani, inayo imakhala ili ndi zonse. D7100 ya mu 2013 nayonso ili ndi malo awiri, pomwe D7500, ngakhale inabwera pambuyo pake, ili ndi amodzi okha. Musanapereke ndalama, funsani kuti kamerayo yajambulapo zithunzi zingati, pakuti shutter yake, kachitseko kamene kamatseguka ndi kutseka nthawi iliyonse mukajambula, anaipanga kuti ipirire kujambula maulendo pafupifupi 150,000, ndipo yoti yatsala pang'ono kufika pamenepo siyenera kugulidwa pa mtengo wokwera. Ndalama yotsala mugulire lenzi ya AF-S DX 35mm f/1.8G, imene imalowetsa kuwala kochuluka ndipo idzakupulumutsani m'matchalitchi a mawindo ang'onoang'ono kumene abusa ena salola flash.

Tsopano za khadi, zimene ndi zofunika kuzimvetsa bwino. Nambala yaikulu imene amalemba pamwamba pa khadi, monga 170MB/s, nthawi zambiri imanena za liwiro lokopera zithunzi kuchoka m'khadi kupita pa kompyuta, osati liwiro limene kamera imasungira chithunzi mukangojambula. Chimene muyenera kuyang'ana ndi kachizindikiro ka U3 kapena V30, kamene kamatsimikizira kuti khadiyo singatsike pansi pa mamegabaiti 30 pa sekondi posunga. Class 10 ndi U1 zimangolonjeza 10, ndipo mudzaona kuchedwa kwake pamene mukujambula motsatizana operekeza akulowa movina, kamera n'kuima kaye kudikira khadi. Makhadi a UHS-II, amene ali ndi mizere iwiri ya tizitsulo kumbuyo, musataye nawo ndalama, chifukwa D7200 imangogwiritsa ntchito mzere umodzi ndipo liwiro lowonjezeralo simudzaliona pojambula.

Chinthu choopsa kwambiri ndi makhadi achinyengo. Amakhala ndi dzina la kampani yodziwika monga SanDisk kapena Lexar, pepala lake looneka bwino, ndipo mukawalowetsa m'kamera amaonetsadi kuti ndi a 128GB, pamene mkati mwake malo enieni ndi ochepa kwambiri. Kamera imapitiriza kujambula osadandaula, ngakhale malo enieniwo atadzaza kalekale, ndipo mumadzazindikira madzulo muli pa laputopu kuti zithunzi zambiri sizikutseguka. Choncho khadi yotchipa modabwitsa muisiye, mugule m'sitolo yopereka lisiti, ndipo musanapite nayo ku ntchito muiyese ndi pulogalamu yaulere ya H2testw, imene imadzaza khadi yonse kenako n'kuwerenganso kuti ione ngati zonse zasungidwadi. Zimatenga nthawi, koma khadi iliyonse mumaiyesa kamodzi kokha.

Kunena za kukula kwake, makhadi anayi a 64GB ndi abwino kuposa imodzi ya 256GB. Chithunzi cha RAW cha D7200, chimene chimasungidwa ndi zonse zimene kamera yajambula kuti mudzachikonze pa kompyuta, chimakhala pafupifupi mamegabaiti 30, kutanthauza kuti 64GB imasunga zithunzi pafupifupi 2,000, zimene zimakwanira ukwati wonse kuyambira kusaluni mpaka kuholo. Khadi muziifomata (kufufuta zonse zili m'menemo kuti iyambirenso) m'kamera momwemo, osati pa kompyuta, ndipo muzichita zimenezi pokhapokha mutakopera zithunzi pa laputopu ndi pa hard drive ina yapadera. Musaitulutse kanyale kakumbuyo kwa kamera kakuyaka, chifukwa nthawi imeneyo kamera imakhala ikusungabe. Khadi ikadzakana kutseguka, kapena mukadzafufuta zithunzi mwangozi, musajambulirenso pa khadi imeneyo ngakhale chithunzi chimodzi. Itulutseni, ndipo pulogalamu yaulere ya PhotoRec kawirikawiri imatha kubweza zithunzi zimene malo ake sanalembedwepo zina.

Mabatire mukhale nawo osachepera awiri a EN-EL15 ndipo muziwatchaja kudakali tsiku limodzi, popeza kuno kwathu magetsi akhoza kuthima usiku womwewo umene mukuwadalira. M'miyezi ya fumbi, makamaka September ndi October pamene maukwati amachuluka, musamasinthe lenzi pabwalo poyera, chifukwa fumbi likalowa pa sensa, kachipangizo ka mkati kolandira kuwala kwa chithunzi, limaoneka ngati timadontho pa chithunzi chilichonse, makamaka pa diresi loyera ndi pa thambo. M'dzinja vuto ndi chinyontho chimene chimameretsa nkhungu mkati mwa lenzi, choncho muziika timapaketi ta silica gel m'chikwama, ndipo musasunge kamera m'kabati yotsekeka kwa miyezi.

Ngati mukufunanso kujambula vidiyo ya 4K, yooneka bwino kwambiri, dziwani kuti D7200 imalekezera pa 1080p, imene ndi yotsikirapo, monganso 2000D, ndipo pamenepo tingafunike kukambirana za kamera ina ndi ndalama zina.