Perekezani mlendo: yankho langa kwa mayi amene thupi lawalemera

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Lilongwe, amene sinditchula dzina lawo. Anandiuza kuti kwa miyezi 8 akhala akuvutika maganizo, kuti kuchipatala anawapatsa mankhwala, kuti zovala zonse zawathina, ndiponso kuti aliyense akuwauza kuti azichita masewera olimbitsa thupi, chonsecho kudzuka pabedi kokha kumawatengera theka la m'mawa. Funso lawo linali lalifupi: munthu amayambira pati? Ndinaiwerenga katatu kalatayo, ndipo ndinachedwa kuyankha chifukwa ndinadziona ndekha mmenemo. Amayi, ndikuyankhani, koma mundilole ndidzere kutali pang'ono.

Mayi anga anamwalira mu January 2021, nthawi imene Covid-19 inabweranso mwaukali m'dziko muno. Maliro anachitika mothamanga, anthu anali ochepa, sitinagone pasiwa monga mwa mwambo wathu, ndipo pofika madzulo aliyense anali atabalalika. Ine ndinabwerera kunyumba kwanga ku Chilomoni ndili ndi misozi imene ndinalibe poikhetsera. Sukulu zinali zotseka, choncho panalibe belu londidzutsa. Zitatsegulidwa ndinkapita kukaphunzitsa ndithu, koma ndikangoweruka ndinkalowa kuchipinda, n'kutseka makatani, n'kugona mpaka mdima. Usiku tulo tinkathawa, ndipo cha m'ma 2 koloko ndinkapezeka ndili kukhitchini ndikudya mkute umene ana anasiya. Masana anali mandasi a pageti la sukulu, tiyi wa masipuni atatu a shuga, ndi tchipisi cha pachiwaya pobwerera kunyumba. Njala ndinalibe, koma chakudya ndicho chokha chimene chinkandikomerabe kwa mphindi zochepa, zina zonse zitasukuluka. Chaka chisanathe ndinachoka pa makilogalamu 68 n'kufika pa 84.

Chimene chimandipwetekabe mpaka lero ndi mmene anthu anandiyamikirira. Kutchalitchi amayi anzanga ankandigwira paphewa n'kumati, "Aphunzitsi, koma ndiye mwasalalatu, zikukuyenderani." Telala amene ankandikulitsira madiresi anandifunsa ngati abambo akunyumba anakwezedwa pantchito. Kwathu kuno thupi lonenepa timaliona ngati umboni wa mtendere, ndipo chiyambire zaka zimene Edzi inavuta kwambiri, munthu woonda ndiye amene timamuyang'ana kawiri n'kuyamba kunong'onezana. Chifukwa cha zimenezi, matenda ovutika maganizo akamudzera munthu mwa kumunenepetsa, amabisala bwino kwambiri, ndipo wodwalayo amakakamizika kuyankha kuti zikomo kwa anthu amene akuyamikira chizindikiro cha matenda ake. Ochepa amene ndinawaululira anandiuza kuti ndilimbe mtima, ena anati ndiwonjezere mapemphero, ndipo mmodzi anandiuza poyera kuti ndi ulesi. Ine ndimapemphera, ndipo sindinasiyepo, koma ndikunena mosapsatira kuti munthu amene kwa milungu yoposa iwiri sakugona bwino, sakukondwa ndi kalikonse, ndipo akudziona wopanda ntchito, ameneyo akudwala monga wodwala shuga kapena kuthamanga magazi, ndipo kumutcha waulesi ndi nkhanza zimene timazichita tikudziyesa alangizi.

Ndinayesapo njira imene aliyense amaitchula. Ndinagula nsapato zothamangira pa kaunjika, ndipo Loweruka lina m'mawa ndinapita kugulu lina la amayi amene ankadumphadumpha pabwalo motsatira nyimbo. Mphunzitsi wawo ankakuwa kuti tisagonje. Ndinapirira mphindi 20, kenako ndinakhala pansi m'mbali mwa bwalo, mtima ukugunda m'makutu, mseru utandigwira, atsikana amsinkhu wa ana anga akundidutsa ngati sakundiona. Maondo anandiwawa sabata yathunthu. Sindinabwerereko, ndipo chimene ndinapindula tsiku limenelo ndi umboni watsopano woti ndine wolephera, umene matendawa anaulandira ndi manja awiri. Foni nayo inawonjezera chipongwe, chifukwa madzulo alionse inkandionetsa kuti ndaponda masitepe 900 pa 10,000. Ndinadzamva pambuyo pake kuti nambala ya 10,000 imeneyi inachokera ku Japan mu 1965, pamene kampani ina inkatsatsa kachipangizo kowerengera masitepe kotchedwa manpo-kei, ndipo inali nambala yokoma kuitchula pamalonda basi. Ngakhale mphindi 150 pa sabata zimene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kwa akuluakulu, malangizo omwewo a mu 2020 amanena momveka kuti kuchita pang'ono kuli bwino kuposa kusachita kalikonse, komanso kuti amene wakhala nthawi osachita ayambe ndi zochepa n'kumawonjezera. Mbali yachiwiriyi palibe amene amaikuwa pabwalo.

Amene ananditulutsa m'nyumba ndi azakhali anga, alongo awo a bambo, amene amakhala kumtunda kwa msika wa Chilomoni, ndipo sanaphunzire kupitirira Sitandade 4. Anayamba kubwera madzulo alionse cha m'ma 4 koloko. Sankalowa m'nyumba, ankakhala pakhonde, n'kupempha madzi akumwa, n'kufunsa za ana, n'kukhala chete nthawi yaitali akutola miyala mumpunga umene anabwera nawo. Kenako ankadzuka, n'kukonza chitenje, n'kunena kuti, "Ndapita ine, tandiperekeza." Amayi, inu mukudziwa kuti mwana woleredwa sakana kuperekeza mlendo, makamaka azakhali ake. Ndikanatha kukana dokotala, ndikanatha kukana amuna anga, koma apa mwambo unandigwira pakhosi. Tsiku loyamba ndinafika pampanda n'kubwerera. Mawa lake anayambitsa nkhani tili pampanda pomwepo, nkhani ya mmene mayi anga anapsereza nyemba tsiku la chinkhoswe chawo, ndipo kuti ndiimve mpaka kumapeto ndinayenera kufika pamtengo wa mango wa pakona. Sabata yotsatira anandisenzetsa jumbo yawo, akuti phewa likuwawawa, ndipo tinafika pasiteji ya minibasi. Mwezi usanathe ndinkawafikitsa pamsika, ndipo pobwerera ndinkagula mpiru ndi tomato popeza ndinali kale pomwepo.

Pakamwa pawo sipanatulukepo mawu oti masewera, kunenepa kapena maganizo. Masiku amene ndinkalephereratu, ankangoti, "Chabwino, mawa," n'kunyamuka okha, ndipo mawa lake ankabweradi nthawi yomweyo ngati palibe chinachitika. Papita nthawi ndithu ndisanazindikire kuti phewa lawo linalibe vuto lililonse.

Pamenepa ndi pamene ndimaumirira, ndipo amene akutsutsa atsutse. Uphungu woti dikirani mpaka mumve chilakolako, kapena funani chokulimbikitsani, ndi wopanda ntchito kwa munthu wodwala matendawa, chifukwa chilakolakocho ndicho chimene matendawa amayamba kuba. Kudikira kuti mtima ufune kaye ndi kudikira mvula mu Ogasiti. Miyendo iyenera kutsogola, mtima n'kumatsatira pambuyo mochedwa, ndipo popeza wodwalayo sangadzikoke yekha, pamafunika chinthu chakunja chomukoka, chaching'ono kwambiri moti kuchikana kungakhale kovuta kuposa kuchichita. Akatswiri a zamaganizo njira imeneyi amaidziwa, ndipo amaiphunzitsa. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006 ku Mbare mumzinda wa Harare, kumene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu odwala chimene Ashona amachitcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, kenako amathandiza munthuyo kusankha vuto limodzi ndi kanthu kamodzi koti akachite asanabwerenso. Azakhali anga benchi imeneyo sanaimvepo, koma khonde langa analisandutsa yomweyo. Ndipo kuyendako si kongotaya nthawi: mu 2024 magazini ya madokotala ya BMJ inasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 218 wokhudza anthu oposa 14,000, ndipo inapeza kuti kuyenda kapena kuthamanga pang'ono, yoga, ndi masewera olimbitsa minofu zimachepetsadi zizindikiro za matendawa.

Palinso chifukwa china chimene ndimakondera kuperekeza kusiyana ndi zovala zamasewera. M'makwalala athu mayi woyenda wopanda kopita amafunsidwa pakhomo lililonse kuti, "Ulendo wa kuti?" ndipo akavala buluku lothina anyamata a kabaza amamuimbira mluzu. Munthu amene akudzida kale sangapirire maso amenewo. Koma mayi wovala chitenje, wonyamula jumbo, woyenda ndi azakhali ake, palibe amene amamuona.

Za sikelo ndikuuzani zoona, chifukwa ambiri amanama pamenepa. Nditayenda miyezi 6 ndinatsika makilogalamu atatu okha. Kuyenda theka la ola kumatentha mphamvu zochepa moti mandasi awiri amazibweza zonse, choncho amene amayamba kuyenda n'cholinga choonda amakhumudwa mwezi woyamba n'kusiya. Zimene zinasintha msanga kwa ine ndi tulo, kenako kudzuka usiku kukafuna mkute kunachepa kokha, ndipo thupi linayamba kutsika pambuyo pake pamene ndinatha kuchepetsa shuga wa mu tiyi kuchoka pa masipuni atatu kufika pa imodzi. WHO imati shuga wothira asapitirire pafupifupi masipuni ang'onoang'ono 12 patsiku, ndipo ine ndi makapu anayi a tiyi ndinali nditamaliza kale muyezo umenewo ndisanakhudze chakumwa chilichonse cha m'botolo. Komanso musadziimbe mlandu wonse, popeza mankhwala ena amanenepetsa. Amitriptyline, mankhwala a matenda ovutika maganizo amene amaperekedwa kawirikawiri m'zipatala zathu, amachititsa tulo, amaumitsa kukamwa, ndipo amawonjezera chilakolako cha chakudya. Jekeseni wolera wa Depo-Provera amanenepetsa amayi ena, chimodzimodzinso dolutegravir amene ali m'ma ARV a masiku ano. Musasiye mankhwala alionse mwa amenewa panokha, chifukwa kusiya ena mwa iwo mwadzidzidzi kungabweze matenda mwamphamvu. Pitani mukawauze adokotala kuti thupi lakwera ndi makilogalamu angati chiyambire mankhwalawo, mufunse ngati mankhwala ena a maganizo monga fluoxetine angakuyaneni, ndipo mupemphe kuti akuyezeni shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwa magazi, popeza kuchepa magazi nako kumafooketsa munthu mofanana.

Tsono muyambire pati?

Sankhani munthu mmodzi, mumuuze zoona, ndipo mumupemphe kuti azibwera nthawi imodzimodzi masiku atatu pa sabata kuti mumuperekeze. Akasowa, perekezani mwana kusukulu mpaka pakona, kapena gulani tomato wa tsiku limodzi lokha kuti mawa mupitenso. Sabata yoyamba mphindi zisanu zakwana, ndipo mubwerere musanatope. Muziyenda liwiro loti mutha kucheza osabanika, makamaka m'mawa kuti dzuwa likuwombeni, chifukwa kuwala kwa m'mawa kumathandiza tulo ta usiku. Sabata iliyonse wonjezerani nyumba ziwiri kapena zitatu. Tsiku loipa, dzukani pampando n'kukhalanso kasanu osagwira, kapena sesani pakhonde pokha, ndipo limenelo muliwerenge kuti mwachita. Sikelo ikhale pansi pa bedi miyezi itatu. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo, imani ndipo mukaonane ndi adokotala musanapitirize.

Chimodzi chokha sindingachisiye chosanena. Kuyenda kumathandizana ndi mankhwala ndi uphungu, sikulowa m'malo mwake, ndipo ine ndemwe ndinamwa mankhwala chaka chathunthu ndikuperekeza azakhali. Ngati maganizo oti kuli bwino kufa ayamba kukubwererani, musadikire tsiku la sikelo kapena la mlendo, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo mupite kuchipatala. Kwanu ku Lilongwe kuli chipatala cha Bwaila ndi cha St John of God ku Area 43, ku Mzuzu kulinso St John of God, kuno kummwera kuli Queen Elizabeth ndi Zomba Mental Hospital, ndipo m'zipatala za maboma mumakhala anamwino ophunzira za matenda a maganizo.

Chaka chachiwiri ndinayesa kukwera Njira ya Mtanda paphiri la Michiru, imene ndakhala ndikuiona ndili pakhomo panga zaka zonsezi. Ulendo woyamba ndinalekezera pamalo achitatu, ndinakhala pamwala n'kulira maliro a mayi anga amene sindinawalire mu January uja, ndipo ndinatsika. Pamwamba ndinakafika ulendo wachisanu. Lero ndili pa makilogalamu 76, madiresi ena akale sanandikwanenso ndipo ndinawapereka, komanso miyezi ina mdima umabwererabe moti ndimayambiranso pampanda. Azakhali maondo awavuta tsopano, ulendo uno zenizeni, choncho ndine amene ndimapita kwawo Lachiwiri ndi Lachisanu. Amayi, mukayenda sabata yoyamba mundilembere, mundiuze amene munamuperekeza ndi pamene munalekezera.