Tikiti yaulere yopita ku São Paulo

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wapeza chibwenzi pa Facebook, ndipo bamboyo akuti amulipirira ndege kupita ku São Paulo, mzinda wa ku Brazil, pobwera adzangomutengerako chikwama cha zovala. Akufunsa ngati amulole.

Mayi, musamulole: umu ndi mmene ozembetsa mankhwala ozunguza bongo amapezera anthu owanyamulira katundu. Ndikanalekera pomwepa, koma kalata yanu yandikumbutsa mnzanga amene tinakulira limodzi, mtsikana wofatsa, wosadziwa ndi mowa womwe. Ulova utamukwana, anakumana ndi anthu ooneka achifundo. Anamukonzera pasipoti, kumugulira foni, kumupatsa ya m'thumba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Atafika kunjako anamulanda pasipoti ija, n'kumutsekera m'chipinda cha hotela. Patebulo anamuikira timibulu ta kokeni tokulunga m'mapulasitiki, kukula kwake ngati chala chachikulu. Anamuuza ameze kamodzikamodzi, m'ndege asadye kanthu, azingonyowetsa kukhosi. Zoti kamodzi kokha kakaphulikira m'mimba munthu akhoza kufa asanatsike ndege, sanamuuze. Apolisi anamugwira pabwalo la ndege, X-ray n'kuonetsa zonse. Foni za omutuma aja zinazima tsiku lomwelo. Amayi ake mpaka lero amadikira makalata ochokera kundende ya dziko limene chilankhulo chake sachimva.

Chimene chimandiwawa n'chakuti eni katunduyo anawerengeratu kuti ena mwa otumidwawa adzagwidwa, ndipo sizikuwakhudza. Womeza amanyamula mwina kilogalamu imodzi. Katundu weniweni amayenda panyanja, m'makontena a nthochi ndi zipatso zina. Mu 2023 padoko la Antwerp lokha ku Belgium anagwira matani 116 a kokeni. Heroin, mankhwala enanso ozunguza bongo, naye amachoka kugombe la Makran, kumalire a Iran ndi Pakistan, m'mabwato amatabwa mpaka ku Tanzania ndi Mozambique, kenako pamsewu kulowera ku South Africa. Mtsikana wa chikwama uja akagwidwa, kwa iwo palibe chatayika.

Nanga maiko akuchitapo chiyani?

Mapangano a maiko olimbana ndi mankhwalawa alipo: la 1961, la 1971, ndi la ku Vienna la 1988 limene limalimbikitsa maiko kutumizirana zigawenga ndi kulanda chuma chawo. Kuli UNODC, nthambi ya United Nations yoona za mankhwalawa, ku Vienna, kuli Interpol, bungwe logwirizanitsa apolisi a maiko, ku Lyon, ndipo ogwira ntchito kumeneko sindikuwanyoza. Koma taonani zotsatira. Pablo Escobar, mkulu wa ozembetsa kokeni ku Colombia, anaphedwa ku Medellín mu 1993. Joaquín Guzmán, mkulu wa ozembetsa mankhwalawa ku Mexico, anamutumiza ku United States mu 2017, akukhala m'ndende moyo wake wonse. Komabe mu 2023 minda ya coca, mbewu yopangira kokeni, ku Colombia inafika mahekitala 253,000, kuposa kale lonse. A Taliban ataletsa ulimi wa opium, wopangira heroin, ku Afghanistan mu 2022, ulimiwo unatsika ndi 95 peresenti chaka chotsatira, Myanmar n'kukhala patsogolo. Ogula akadalipo, ndiye olima sasowa.

Ine ndinasiya kusangalala ndi zithunzi za apolisi ataimika mtsikana pambali pa chikwama chotsekula. Ndikufuna ndione m'khoti munthu amene analandira chiphuphu kuti kontena idutse osaiunika, ndi wamabanki amene anabisa kumene ndalama za malondawa zinachokera. Kutsata ndalama n'kovuta, kumafuna kuti maiko akhulupirirane, pomwe kugwira mwana wa mphawi n'kosavuta ndiponso kumatuluka bwino panyuzi.

Ndipo malamulo amagwera wonyamulayo. Ku Singapore munthu akhoza kunyongedwa akapezeka ndi heroin weniweni woposa magalamu 15. Mu 2011 dziko la China linapha mayi wa ku South Africa amene anamupeza ndi makilogalamu 3 a methamphetamine m'chikwama, ngakhale iye ankanena kuti anamuikira. Kunena kuti "sindimadziwa" sikupulumutsa kawirikawiri.

Tsono, mayi, mwana wanu musamukalipire, angathawire kwa bamboyo. Khalani naye pansi, mumufunse chifukwa chimene munthu angalipirire tikiti yodula chotere pomwe zovala zikhoza kutumizidwa ndi kampani yonyamula katundu. Sungani mauthenga onse ndi manambala a foni, mukaonetse apolisi oona za mankhwala ozunguza bongo. Akapita mobisa, adziwiretu kuti atathedwa nzeru athamangire ku ofesi ya kazembe wa dziko lake asanakhudze chikwamacho.