Njira "yotseka" magetsi adutsamo bwanji?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi pa pulayimale ina ku Dedza. Buku ndi la Chingerezi, koma ana akasokonezeka ndimawafotokozera m'Chichewa. Ndidawauza kuti "closed circuit" ndi njira yamagetsi yotseka ndipo babu limayaka. Mtsikana wina adati, "Aphunzitsi, njira ikatsekedwa, magetsi adutsa bwanji?" Ndimuyankhe chiyani? Komanso ndiziwaletsa akamati batire "latha moto"?

Yankho: Aphunzitsi, mwanayo wakhoza. Cholakwa chili pa mawu amene mudasankha.

M'Chichewa chinthu chikatsekedwa ndiye kuti palibe chodutsa. Timatseka chitseko, timatseka mpopi, apolisi amatseka msewu. Ngakhale pa zamagetsi zomwe, agogo akati "tseka wailesiyo" akufuna ikhale chete, akati "tsegula" akufuna kumva nkhani. Mzungu ponena "closed" akuganiza za mkombero wopanda mpata, ngati mkanda womanga pakhosi. Ife tikamva "kutseka" timaona chotchinga. Choncho mwana amamva zosemphana ndi zimene mukufuna kunena.

Ine ndikadati njira yolumikizika ndi njira yoduka. Mawu awa ana amawadziwa kale: waya waduka, lumikiza mawaya. Tengani batire limodzi la tochi, lija la mavoti 1.5, babu laling'ono ndi mawaya awiri. Magetsi amayenda pokhapokha njira ikachoka kumutu kwa batire, n'kudzera m'babu, n'kukafika kutako kwa batire lomwelo popanda poduka. Switchi tsono ndi kamlatho: mukakatsitsa njira yalumikizika, mukakadzutsa njira yaduka. Asiyeni anawo aike pampata wa njira yodukayo msomali, supuni, mphira, kamtengo kouma ngakhale mtima wa pensulo, aone okha chimene chiyatse babu. Pensuloyo imawadabwitsa, chifukwa mtima wake umalola magetsi kudutsa ngakhale si chitsulo, kungoti babu limayaka mozilala.

Pa switchi gwiritsani ntchito kuyatsa ndi kuzimitsa. "Kutsegula" mukusiyire wailesi ya kunyumba. Liwu loti "circuit" musavutike kulipekera dzina lachilendo. Nenani njira yamagetsi, ndipo la Chingerezilo alisunge chifukwa mayeso a MANEB a sayansi adzawapeza m'Chingerezi.

Za moto zija ndisiyana nanu pang'ono, sindikadawaletsa. Ndi Chichewa chabwinobwino. Okonza magetsi amati "waya uyu ali ndi moto", a pafoni amati "foni yatha moto", ndipo palibe amathamangira ndowa yamadzi. Nawonso mawu oti kuyaka, kuthima ndi kuzima tidawatenga pamoto wa nkhuni magetsi asanafike kuno. Ngozi ili pamodzi pokha. Mwana akhoza kuganiza kuti moto umachoka m'batire n'kukathera m'babu, ndiye waya mmodzi akwanira. Mpatseni waya mmodziyo agunditse kumutu kwa batire ndi kubabu kokha, aone kuti sipayaka kanthu. M'kalasi muzinena kuti batire latha mphamvu. Kumsika azinena mmene amanenera.

Kanthu kena kakang'ono: tisamanene kuti "magetsi yathima". Magetsi ali m'gulu la ma-, ngati madzi ndi mafuta, choncho timati magetsi athima, magetsi ochokera ku Nkula abwera. Getsi ndi limodzi, lija lolendewera kudenga: getsi lapsa.