Kodi umphawi udzathadi pofika 2030?

Achimwene, mwafunsa ngati lonjezo la United Nations loti umphawi wadzaoneni udzathe pofika 2030 lidzakwaniritsidwa. Kunena mosapsatira mawu, ine sindikuona zikutheka, ngakhale kuti dziko silinangokhala manja lende.

Mu 1990, anthu pafupifupi 2 biliyoni anali paumphawi wadzaoneni. Pomwe mayiko ankagwirizana zolinga za chitukuko zotchedwa SDG mu 2015, momwe muli lonjezoli, chiwerengerocho chinali chitatsika kwambiri. Koma kutsikako kwakukulu kunachitikira ku China, komwe anthu pafupifupi 800 miliyoni anachoka mu umphawi kuyambira 1978. Poyamba alimi analoledwa kugulitsa zokolola zawo, kenako mafakitale analemba ntchito anthu ankhaninkhani. Thandizo la kunja silinali pachimake pa nkhaniyi.

Osauka otsalawo ambiri tsopano ali kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara ndi m'mayiko ankhondo ngati Sudan, komwe anthu akuchulukana koma ntchito kulibe. Covid-19 itabwera mu 2020 inabweza zinthu m'mbuyo, ndipo maboma ambiri akutaya ndalama zochuluka pobweza chiwongoladzanja cha ngongole. Mu 2025 America nayo inadula thandizo lambiri la USAID, bungwe lake lothandiza mayiko ena.

Tayang'anani kwathu kuno. Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopatsa mabanja ovutikitsitsa ndalama, anayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo amathandizadi, ine ndimamuyamikira. Koma mu 2023 mokha, namondwe Freddy anakokolola minda kuchigawo chakumwera, kenako kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November. Kandalama kaja kakafika kumsika, thumba la feteleza likungokayang'ana.